Malasha alipo, magetsi alipo: nanga ntchito za achinyamata a ku Tete zili kuti?

Kalembera wa 2017 anapeza kuti chigawo cha Tete chili ndi anthu oposa 2.6 miliyoni, ndipo monga zilili m'dziko lonse la Mozambique, pafupifupi theka la anthuwo anali ana osakwana zaka 15. Ambiri mwa ana amene anawerengedwa chaka chimenecho lero ndi anyamata a ndevu zawo ndi atsikana obereka ana kumbuyo. Ndiwo tikuwaona atandanda ndi njinga zamoto pamsika wa Ulongwe, akuthamangira basi iliyonse yoima pa Zóbue ndi ndowa ya mazira owiritsa, kapena atakhala pamthunzi ku Moatize kudikira mphekesera yoti kampani ina ikulemba anthu. Banki ya Dziko Lonse imayerekeza kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 500,000 amalowa m'gulu la ofuna ntchito m'dziko muno. Ntchito zolembedwa, za malipiro a pamwezi ndi kandalama ka penshoni ku INSS (bungwe la boma losunga penshoni za ogwira ntchito), zimene zimatseguka pa chaka sizifika n'komwe pafupi ndi chiwerengero chimenecho.

Ziwerengero za ulova zimasocheretsa pang'ono. Muyeso umene mayiko ambiri amatsata umati munthu ali pa ntchito ngati wagwirako kanthu kopezera ndalama, ngakhale ola limodzi lokha pa mlungu. Tikautsata, ku Macanga kapena ku Tsangano malova ndi ochepa, pakuti kumudzi palibe angakwanitse kungopinda manja. Wina ali ku ganyu, wina akuotcha makala, wina akupeta golide m'mitsinje ya ku Chifunde. Chochita chilipo. Chosowa ndi ntchito yoti munthu akaigwira zaka zisanu aloze chimene wapindula.

Tengani wakabaza. Nthawi zambiri njingayo si yake. Mwini wake ndi mphunzitsi, namwino kapena wagolosale, amene amafuna ndalama yake yomwe anapangana madzulo alionse, kaya okwera anapezeka kaya ayi. Mafuta amagula yekha, a m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, lita imodzi imodzi. Tayala likaphulika kapena tcheni likaduka, tsikulo lapita. Nyengo yokolola ndalama imayenda: amanyamula anthu, matumba, ngakhale mbuzi yomangidwa miyendo. Ikafika Januwale, misewu ili tererere, anthu m'thumba mulibe kanthu, pa siteji njinga zonse zimalimbirana munthu mmodzi. Mnyamata ameneyu anamaliza kalasi ya 12, ndipo satifiketi yake ili m'sutikesi kunyumba, yokutidwa bwinobwino m'pulasitiki. Kwa owerengera, iyeyu ali pa ntchito. Mukamufunsa mwini wake amangoti, "Tikungogwirizira, akulu."

Chimene chimawawa kuno n'chakuti chumacho anthu amachiona ndi maso. Kampani ya Vale ya ku Brazil inapatsidwa malo a malasha ku Moatize mu 2004 ndipo inayamba kukumba mu 2011. Chaka chomwecho Rio Tinto inagula Riversdale, mwini mgodi wa Benga, pa madola pafupifupi 3.7 biliyoni. Jindal nayo inatsegula wake ku Chirodzi. Mzinda wa Tete unafufuma. Lendi inakwera moti mphunzitsi sakanathanso kukhala pafupi ndi tauni, mahotela anamera paliponse, ndipo achinyamata anakhamukira kumeneko kuchokera ku Angónia, ku Mutarara, ngakhale ku Malawi ndi ku Zimbabwe. Pa nthawi yomanga ntchito zinalipodi, zokumba ngalande, zoponda matope, zolondera, zophikira anthu m'misasa. Koma kumanga kumatha. Mgodi wamakono ukakhazikika, ntchito imagwiridwa ndi makina. Chigalimoto chimodzi chonyamula matani oposa 200 chimangofuna oyendetsa owerengeka osinthana usiku ndi usana. Mgodi wonse umasunga anthu masauzande ochepa m'chigawo cha anthu mamiliyoni, ndipo malo abwinowo amafuna munthu wodziwa magetsi a mafakitale, kukonza makina akuluakulu kapena kuyeza miyala. Anthu otere chigawochi chinalibe okwanira pamene migodi inkatsegulidwa, ndiye anabwera kuchokera ku Maputo, ku Beira ndi kunja.

Kenaka mtengo wa malasha unagwa pamsika wa dziko lonse. Mu 2014 Rio Tinto inagulitsa migodi yake kwa ICVL ya ku India pa madola 50 miliyoni okha, makontilakitala anayamba kuchotsa anthu, ndipo nyumba zimene ena anamanga ndi ngongole kuti azichititsa lendi zinatsala zopanda wolowamo. Vale nayo inalongedza: mu 2022 inamaliza kugulitsa mgodi wa Moatize ndi njanji ya ku Nacala kwa Vulcan pa madola 270 miliyoni. Malasha akukumbidwabe, koma mnyamata amene akuyembekeza kuti masiku a 2011 adzabwerera akudikira madzi a mphutsi.

Pali mbali ina imene siitchulidwa kawirikawiri: migodi inaphanso ntchito zimene zinalipo kale. Pakati pa 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 anasamutsidwira ku Cateme ndi ku 25 de Setembro. Ena pambuyo pake anapititsidwa ku Mualadzi. Kumene anachoka kunali pafupi ndi madzi ndi msika. Ankalima madimba, kuumba njerwa, kugulitsa nkhuni ndi makala pa Moatize. Cateme ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera pa tauniyo, nthaka yake yambiri ndi ya miyala, ndipo wogula njerwa safika. Mu Januwale 2012 anthu a kumeneko anatseka njanji podandaula, ndipo oumba njerwa nawo akhala akutseka misewu ya kumgodi pa nkhani ya chipukuta misozi. Ana amene anasamuka ali kumsana lero ndi achinyamata, ndipo ntchito imene akanatengera kwa makolo awo inatsala pansi pa mulu wa dothi la mgodi.

Cahora Bassa nayo ndi chimodzimodzi. Damuli linamalizidwa mu 1974, limatha kupanga mamegawati 2,075, ndipo kuyambira 2007 gawo lalikulu la HCB, kampani yoyendetsa damuli, lili m'manja mwa Mozambique. Koma damu silifuna anthu ambiri, ndipo magetsi ake ochuluka amapita ku South Africa pa nthambo za makilomita pafupifupi 1,400. Magetsi sabala ntchito pamene apangidwira. Amabala pamene agwiritsidwa ntchito, pa chigayo, pa shopu ya wowotcherera, pa firiji ya wogulitsa nsomba. Onjezanipo malole odutsa pa mlatho wa Kassuende kupita ku Zóbue, ku Calómue ndi ku Cassacatiza, ndi sitima za malasha zolowera ku Beira ndi ku Nacala, muona kuti Tete ndi chigawo chimene chuma chimangodutsamo. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Ntchito zambiri zimabadwa pamene katundu waima n'kusandutsidwa chinthu china, ndipo kuno katundu woima ndi wochepa.

Zimenezi zimaonekera bwino kumapiri, kumene kumakhala Achewa ndi Angoni ambiri. Angónia, Tsangano ndi Macanga ndi nkhokwe ya chigawo: chimanga, nyemba, soya, kachewere, kabichi, tomato, ndi tirigu wa ku Tsangano. Koma taonani mmene kachewere amagulitsidwira. Aliyense amakumba nthawi imodzi, ndipo palibe nyumba yozizira yoti asungemo. Wogula amabwera ndi lole yake ndi matumba ake, aakulu kuposa a masiku onse, n'kulamula kuti adzazidwe mpaka pamwamba asokerepo chisoti. Sikelo palibe, mtengo ndi wa pa thumba. Mlimi akakana, wogula amaloza munda wa mnzake, ndipo mlimi amadziwa kuti mbewuyo ikagona masabata awiri iyamba kuola. Anyamata a m'mudzimo amapezapo ganyu wa tsiku limodzi wokweza matumba. Kusankha, kutsuka, kupakira, kuyendetsa, kugulitsa, phindu lonselo limakadyedwa ku Tete, ku Chimoio ndi ku Beira. Soya amachoka wosaphwanya, n'kudzabwera ngati mafuta ophikira ndi chakudya cha nkhuku pa mtengo wina. Mwana amene wakula akuona bambo ake akuweramira wogula chaka ndi chaka, mungamuuze chiyani kuti akonde khasu?

Fodya yekha ndiye amasonyeza kuti zikhoza kukhala mwina. Mozambique Leaf Tobacco ili ndi fakitale yokonzera fodya mumzinda wa Tete, imapereka mbewu ndi feteleza pa ngongole kwa alimi masauzande ambirimbiri, imatumiza alangizi m'midzi, ndipo imagula zokolola. Pa chifukwa chimenecho pali ntchito za alangizi, osankha fodya, oyendetsa malole ndi ogwira m'fakitale nyengo yake ikafika. Madandaulo salephera. Wogula ndi mmodzi m'dera, mikangano ya magiredi siitha, ngongole ikadulidwa ena amabwerako ndi zochepa, ndipo dziko likutembenukira fodya nkhongo. Komabe phunziro lake n'loonekeratu: pamene pali msika wodziwika, ngongole ya zipangizo ndi fakitale pafupi, anthu amalembedwa ntchito. Soya, kachewere ndi chimanga sizinapeze dongosolo lolimba chomwecho. Kumunsi kotentha nakonso mwayi ulipo umene sunakamidwe: mbuzi ya ku Tete inalembetsedwa mwalamulo ngati nyama yodziwika ndi dera lake, koma zambiri zimachokabe zamoyo pamwamba pa malole, ndipo kapenta wa ku Cahora Bassa ndi malambe zimapita monga zatoledwera.

Wachinyamata wofuna kulima mwa bizinesi amakumana ndi khoma la malo ndi la ndalama. Ku Angónia anthu ndi othithikana, munda umodzi wagawidwa kwa ana ndi adzukulu mpaka watsala kachigamba. M'midzi yambiri ya Achewa mnyamata akakwatira amakakhala chikamwini, kulima munda wa kwa apongozi, ndipo sangadzalepo mitengo kapena kukumba chitsime osayamba waganiza kuti banja likatha adzatuluka ndi bulangeti lokha. Malamulo a dziko amati nthaka ndi ya boma, siigulitsidwa ndipo siingakhale chikole. Choncho ngakhale amene ali ndi DUAT, chikalata chomulola kugwiritsa ntchito malo, sangapite nacho ku banki kukatapa ngongole. Akapezeka ndi chikole china, chiwongoladzanja cha zaka zapitazi chakhala chikupitirira 20 peresenti pa chaka, ndipo mbewu yodalira mvula siingabweze zimenezo. Chilala cha 2015 mpaka 2016 ndi cha 2023 mpaka 2024 chinakumbutsa aliyense za ichi.

Za sukulu zili ndi mbiri yake. Nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992 inagwetsa sukulu zambiri m'chigawo chino, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ochuluka ndithu ochokera ku Tete konkuno. Makolo a achinyamata a lero ambiri sanaphunzire, kapena anaphunzira ku Dedza ndi ku Ntcheu m'Chichewa ndi Chingerezi, n'kubwerera kudziko limene ofesi iliyonse imayankhula Chipwitikizi. Mwana wa ku Dómuè amalowa kalasi yoyamba osadziwa liwu ndi limodzi lomwe la chinenero chimene akuphunzitsidwira. Amaloweza, amakwera makalasi, koma kuwerenga momvetsa kumabwera mochedwa, mwinanso osabwera. Chodabwitsa n'chakuti kuyesa koyamba kophunzitsa ana m'chinenero chawo, pakati pa 1993 ndi 1997, kunachitikira kuno ku Tete m'Chinyanja, pamodzi ndi ku Gaza m'Chishangana. Maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'dongosolo la boma cha mu 2003, koma mabuku ndi aphunzitsi ozolowera njirayi sanafike sukulu zonse. Ine ndimaona kuti palibe ndondomeko ya ntchito za achinyamata imene ingapose kuonetsetsa kuti mwana wa kalasi yachitatu akutha kuwerenga ndi kuwerengera. Mnyamata wosatha kuwerenga kabuku ka malangizo a pampu sangaikonze, ngakhale mutamupatsa maphunziro a miyezi itatu.

Opitirira sekondale nawo amatuluka ndi mutu wodzaza mayina a mitsinje ndi zaka za nkhondo, manja osadziwa sipanala. Sukulu za luso zilipo: Instituto Superior Politécnico de Tete, ina yotero ku Songo, sukulu ya za miyala ndi migodi ku Moatize, nthambi ya zaulimi ya UniZambeze ku Ulongwe, ndi malo a bungwe la boma la IFPELAC ophunzitsira ntchito zamanja. Koma malo ndi ochepa, ambiri ali m'tauni, ndipo wochokera ku Fingoè kapena ku Zumbo ayenera kupeza pogona ndi chakudya asanaganize za fizi. Akamaliza amamufunsa zaka za ukadaulo zimene sakanazipeza kwina kulikonse. M'malo momanga nyumba zina zatsopano zophunziriramo, boma likanapindula polipira amisiri amene alipo kale m'misika, amakaniko, akalipentala, atelala ndi owotcherera, kuti aziphunzitsa achinyamata mwadongosolo, kenaka ophunzirawo ayesedwe n'kupatsidwa satifiketi yodziwika. Achinyamata ambiri amaphunzira ntchito mwa njira imeneyi kale, kungoti alibe pepala lowachitira umboni.

Kale wophunzira ankadalira boma. Khomo limenelo linapanikizika mu 2016, pamene ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni zinaululika, bungwe lobwereketsa mayiko ndalama la IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa thandizo, metikali inagwa, ndipo boma linachepetsa kulemba anthu. Pali aphunzitsi ndi anamwino omaliza maphunziro amene akhala pakhomo zaka, pamene makalasi ali ndi ana osefukira. Malo akachepa, katangale amakula. Aliyense kuno anamvapo za malo ogulitsidwa, za kalata yofunsira ntchito imene siiwerengedwa ngati palibe wakuikira kumbuyo, ndi za atsikana opemphedwa zina. Kuika poyera malo onse otseguka, mayina a opambana ndi malikisi awo, pa bolodi ndi pa wailesi za m'madera, sikufuna ndalama zambiri. Kumafuna mtima wokha.

Atsikana ndiwo ali pansi penipeni, ndipo saoneka chifukwa saima pa siteji. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2011 anapeza kuti pafupifupi theka la akazi achichepere m'dziko muno anakwatiwa asanakwane zaka 18. Lamulo loletsa maukwati a ana linabwera mu 2019, ndipo la maphunziro la 2018 limati mwana aliyense afike kalasi ya 9. Koma ngati sekondale ili ulendo wa maola awiri wapansi, ndipo kunyumba ufa watha, lamulo limatsala papepala. Mtsikana wosiya sukulu ali ndi zaka 15 amagwira ntchito kuposa wina aliyense m'mudzi, koma ndalama yake siidutsa m'manja mwake. Sukulu za pafupi, malo ogona otetezeka, ndi kulola wobereka kubwerera m'kalasi popanda kumunyoza, zimenezi nazonso ndi ndondomeko za ntchito.

Nanga ndalama zimene boma limagawa? Mu 2006 boma la Armando Guebuza linayambitsa thumba lobwereketsa anthu ndalama, la mametikali 7 miliyoni pa boma (distrito) lililonse. Cholinga chinali chabwino, koma obweza anali ochepa kwambiri, ndipo anthu ambiri anaitenga ngati mphatso ya odziwana ndi akuluakulu. Mu 2025 boma la Daniel Chapo linakhazikitsa thumba latsopano lotukula mabizinesi m'madera lotchedwa FDEL, patangopita miyezi kuchokera pa zionetsero zotsatira chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, zimene achinyamata osowa ntchito anali patsogolo. Kuti lisagwe m'dzenje lomwe lija, pafunika kuti osankha olandira asakhale andale, mayina aziikidwa poyera, ndipo ngongole izitsata msika. Kupatsa achinyamata makumi asanu ndalama zoti aliyense atsegule kagolosale pamsika umodzi n'kungogawa makasitomala omwe aja. Bwino kuthandiza gulu limene lili kale ndi wogula, kaya ndi sukulu yogonera, chipatala kapena kantini ya kumgodi, ndiponso limene lasonyeza kale pa chipereganyu kapena banki ya m'mudzi kuti limabweza.

Kantini za kumgodi zikutifikitsa pa chinthu chimene migodi ingachite ngakhale siingalembe anthu ambiri: kugula kuno. Mazira, nkhuku, ndiwo zamasamba, yunifolomu, njerwa, zonsezi anthu a m'chigawo angathe kupereka. Chowalepheretsa ndi mapepala a kampani, nambala ya msonkho (NUIT), muyeso wa ukhondo, ndi kudikira malipiro miyezi iwiri kapena itatu, zimene wabizinesi wamng'ono sangapirire. Palinso gawo la 2.75 peresenti ya msonkho wa zokumbidwa limene lamulo limati lizibwerera kumadera a migodi, ndipo mu 2022 boma linalengeza kuti chigawo chonse chizilandira 10 peresenti. Ndalama imeneyi ikanamaonekera pa msewu wotulutsira mbewu, pa kadamu kothirira madimba, pa mzere wa magetsi wofika pamsika wa kumudzi, ikanabala ntchito zambiri kuposa mgodi umene yachokera. Malire nawo asamaonedwe ngati vuto lokha. Misika ya pa Lizulu, Biriwiri ndi Calómue imadyetsa mabanja a mbali zonse ziwiri, ndipo wachinyamata wodutsitsa matumba asanu a nyemba akanakhala ndi njira yophweka, yodziwika mtengo wake, sakanalowera njira zamadulira kumene amakathera ndalama m'ziphuphu.

Tsopano maso ali pa Mphanda Nkuwa, damu la mamegawati 1,500 limene akufuna kumanga pa Zambezi, makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa. Mu Disembala 2023 boma linasainirana pangano ndi gulu la makampani akunja a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo. Likadzayamba kumangidwa lidzalemba anthu ambiri kwa zaka zingapo, kenaka lidzatsala ndi ochepa, monga zinachitikira ku Moatize. Kusiyana kungakhalepo ngati mndandanda wa maluso ofunika, oyendetsa makina, opinda zitsulo, owotcherera, amagetsi, utalengezedwa ntchito isanayambe, achinyamata a ku Chiuta, Marara ndi maboma ena a m'mbali mwa mtsinjewo n'kuyamba kuphunzitsidwa panopa. Mabanja amene adzasamutsidwe nawo afunika kuyamba aona munda ndi madzi a kumalo atsopanowo asanasaine chilichonse, ndipo pangano linene poyera kuti ndi magetsi angati amene adzatsale m'chigawo muno.